Makina osankha mpunga ndi mtedza amayamba kuona ndi nyale

Mpunga wa Kilombero wolimidwa ku Nkhotakota sufuna woutsatsa, fungo lake lokha limaitana wogula. Chomwe chimautsitsa mtengo ukafika m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi tinthu tating'ono: kamwala kamodzi kolumitsa dzino, njere zachikasu zomwe zinafunda pa mulu mpunga usanaume, zina zakuda kunsonga chifukwa cha tizilombo ta kumunda, zinanso zoyera mbuu mkati zomwe zimasweka msanga m'chigayo. Mtedza wa ku Salima uli ndi mdani woposa pamenepa, yemwe ndi chuku. Kuyambira kale ntchito yochotsa zonsezi ndi ya amayi okhala pamphasa ndi lichero, ndipo amaigwira bwino. Koma katundu akachuluka mpaka matani 2 kapena 3 pa ola, manja sangakwanitse. N'chifukwa chake eni zigayo ndi makopaletivi amayamba kufunsa mitengo ya makina osankha ndi kamera.

Ogulitsa makinawa amathera mpweya pa kamera, kuti ili ndi mapikiselo angati ndiponso pulogalamu yake ndi yanzeru bwanji. Za nyale amangotchula podutsa. Kwa ine pa nyale ndi pomwe pagona nkhani. Kamera siidziwa mwala, siidziwa njere yowola. Imangoyeza kuwala kobwerera kuchokera pa kadontho kalikonse, komwe ndi pikiselo, n'kupereka nambala, kawirikawiri kuyambira 0, womwe ndi mdima wa ndiweyani, kufika 255, kuyera kotheratu. Ngati njere yabwino ikupereka 180 ndipo yoipa ikupereka 175, palibe pulogalamu yomwe ingazilekanitse popanda kutaya mpunga wabwino wochuluka. Koma nyale ikasankhidwa n'kuikidwa mwakuti yabwino ipereke 180 ndipo yoipa ipereke 90, ngakhale kompyuta yotchipa igwira ntchitoyo osavutika. Mpata wa pakati pa manambala awiriwa umapangidwa ndi nyale.

Makina amtunduwu si achilendo padziko. Kampani ya Sortex inayambira ku London mu 1947, ndipo lero ili m'manja mwa Bühler ya ku Switzerland. Satake ya ku Japan imapanga ake, komanso makampani angapo a mumzinda wa Hefei ku China, omwe mitengo yawo ndi yofikirika. Ena amatsetsereza njere pa chitsulo chopendekeka, ena amaziyendetsa pa lamba. A lamba ndi abwino pa katundu wosachedwa kusweka, monga mtedza wochotsedwa khungu, chifukwa njere zimagona phee osagubuduka. Lamba akafika pothera amaziponya m'malere, makamera amaziyang'ana pamwamba ndi pansi zili m'malere momwemo, ndipo chapatsogolo pang'ono pali mzere wa timipopi ta mpweya wa kompuresa. Njere ikaweruzidwa kuti ndi yoipa, kampopi koyang'anizana nayo kamaipemerera kamodzi n'kuigwetsera ku mbali ya zotaya. Ngati timipopiti tili masentimita 10 kuchokera pomwe kamera yayang'ana, ndipo njere ikuthamanga mamita 2 pa sekondi, chiweruzo chonse chiyenera kutha m'gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi.

Liwiro ndilo limalamula kuchuluka kwa kuwala

Lamba woyenda mamita 2 pa sekondi amasuntha mamilimita 2 pa milisekondi iliyonse, ndiye kuti pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Njere ya mpunga m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamilimita 2 omwewo. Kamera ikatsegula diso kwa milisekondi yathunthu, njere imakhala itasuntha mtunda wofanana ndi thupi lake, ndipo kabanga kakuda ka theka la milimita kamapakika n'kusungunukira mu kuyera koyandikana nako. Kuti kabangako kaoneke, nthawi yotsegula iyenera kutsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi, pomwe njere imasuntha milimita 0.2 yokha.

Foni yanu ikamajambula m'nyumba imatsegula diso kwa gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi kapena chapompo. Kamera ya pa lamba ili ndi nthawi yochepa ka 200 kuposa pamenepo, choncho imafuna kuwala kochuluka ka 200 kuti chithunzi chiwale mofanana. Komanso njere zili m'malere sizikhala pa mtunda umodzi kuchokera ku lenzi, zina zimakwera pang'ono, zina zimatsika. Kuti zonse zioneke bwinobwino, bowo la lenzi limachepetsedwa, ndipo kulichepetsa kuchoka pa f/4 kufika pa f/8 kumasiya gawo limodzi lokha mwa magawo 4 a kuwala. Alipo amisiri omwe amathawira kokweza gain ya kamera, komwe ndi kukuza mwa magetsi kuwala kochepa komwe kamera yalandira. Chithunzi chimawaladi, koma chimadzaza timadontho tosokoneza, ndipo makina amayamba kupemerera njere zosalakwa. Njira yolondola ndi kuwonjezera kuwala kwenikweni.

Makamera ambiri a pa lamba sajambula chithunzi chathunthu nthawi imodzi. Amajambula kamzere kamodzi kopyapyala kodutsa lamba mopingasa, kenako kena, kenako kena, ndipo kuyenda kwa katundu ndiko kumalumikiza mizereyo kukhala chithunzi. Titenge lamba wa mamilimita 600 m'lifupi ndi kamera ya mapikiselo 2,048. Pikiselo iliyonse ikuona pafupifupi milimita 0.3, ndipo pa liwiro la mamita 2 pa sekondi kamera iyenera kujambula mizere pafupifupi 6,800 pa sekondi. Ubwino wake ndi wakuti simufunika kuwalitsa lamba yense. Mumangofuna kamzere kowala kwambiri, n'chifukwa chake nyale za makamerawa zimakhala zazitali ngati ndodo, zili ndi lenzi yozungulira kutsogolo yosonkhanitsira kuwala pamalo amodzi. Kuipa kwake ndi kwakuti nyale ikasuntha mamilimita ochepa chifukwa cha kunjenjemera kwa chigayo, kamzere kowala kamachoka pomwe kamera ikuyang'ana. Zomangira nyale ziyenera kukhala zolimba ngati za kamera yomwe.

Tsopano magetsi a ESCOM. Amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo nyale yolumikizidwa kwa iwo popanda chosalaza, monga chubu cha fluorescent chachikale kapena babu la LED lotchipa la pamsika, imaphethira ka 100 pa sekondi. Diso la munthu silizindikira. Kamera yathu ija imazindikira: kuphethira kulikonse kumatenga mizere 68, ndiye kuti pa masentimita 2 alionse a lamba pamaoneka mkwasa wowala wotsatizana ndi wakuda. Palinso msampha wina wobisika. Nyale zambiri za LED zimachepetsedwa mphamvu poziyatsa ndi kuzizimitsa mofulumira kwambiri, njira yotchedwa PWM. Ikamachita zimenezi ka 1,000 pa sekondi, mikwasa imabwera pa mamilimita 2 alionse, msinkhu weniweni wa njere ya mpunga, ndipo kompyuta imaiwerenga ngati zilema. Nyale ya makina osankha iyenera kudyetsedwa ndi kachipangizo kotchedwa driver kopereka magetsi oyenda mosasintha, ndipo ikafunika kuchepetsedwa, achepetsedwe magetsiwo. Ili ndi funso loti mufunse wogulitsa musanakambe za mtengo.

Pa katundu wamkulu woyenda chimodzichimodzi, monga mango omwe Salima ili nawo ochuluka, nthawi zambiri amagwiritsa ntchito kamera yojambula chithunzi chathunthu. Apa LED imaonetsa ubwino wake wina: imayaka ndi kuzima m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa lamba kamauza kamera ndi nyale nthawi imodzi, nyale imang'anima, chipatso chimaoneka ngati chaima. Popeza imayaka kanthawi kochepa n'kupuma nthawi yaitali, ingapatsidwe magetsi oposa muyeso wake kangapo osapsa, bola nthawi yopumayo isachepe. Kung'animako kutsekeredwe m'bokosi. Kuwala kophethira pakati pa ka 3 ndi ka 30 pa sekondi kumatha kugwetsa anthu ena odwala khunyu, ndipo ena onse kumawawawitsa mutu.

Komwe kuwala kukuchokera

Yang'anani mayi wosankha mpunga pakhonde. Sakhala moyang'anizana ndi dzuwa, komanso salola mthunzi wake kugwera m'lichero. Amalipendeketsa pang'onopang'ono mpaka pomwe timiyala tayamba kuoneka tokha. Mmisiri wa nyale amachita zomwezo, kungoti iye amapeza kupendekako kamodzi n'kukumanga ndi mabawuti.

Mpunga wopunthidwa bwino umanyezimira. Nyale ikauwomba mwachindunji kuchokera pafupi ndi kamera, kuwala kumanjanja pa khungu la njere n'kulowa mu lenzi konse, pikiselo imafika pa 255, ndipo chilichonse chomwe chinali pansi pa kunyezimirako chabisika. Nyale ikakhala imodzi yochokera kumbali, mbali inayo ya njere imachita mthunzi, ndipo mthunzi ndi banga lakuda kwa kompyuta n'zofanana. Choncho kawirikawiri amaika nyale ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo kwa mzere woyang'anidwa, zopendekeka chapakati pa kugona ndi kuima, zili ndi chotchinga choyera chomwaza kuwala. Mithunzi ya nyale imodzi imafufutidwa ndi inzake. Pa katundu wozungulira komanso wonyezimira kwambiri amavundikira ndi chibakuli choyera mkati, kuwala kumamenya chibakulicho n'kutsika kuchokera mbali zonse. Njira ina ndi kuika fyuluta yosefa kuwala yotchedwa polarizer pa nyale ndi ina yopingasa pa lenzi. Kunyezimira kwa pakhungu kumatsekeka, kumatsala kuwala komwe kwalowa pang'ono m'njere n'kubwerera ndi mtundu wake weniweni. Kuipa kwake ndi kwakuti magawo 3 mwa magawo 4 a kuwala kapena kuposerapo amatayika, ndipo taona kale kuti pa lamba wothamanga kuwala sikukwanira.

Zilema zina si za mtundu, ndi za thupi: ming'alu, bowo la nankafumbwe, khungu lokwinyika la mtedza wosakhwima. Zimenezi zimaoneka nyale ikagona pafupifupi mofanana ndi lamba, pa madigiri 10 kapena 15. Malo osalala amaponyera kuwala kutali ndi kamera n'kuoneka akuda, pomwe m'mphepete mwa bowo kapena mng'alu mumawala. Njere zoyera mbuu mkati zimafuna njira yachitatu, younikira kumbuyo. Njere yabwino ya mpunga imalola kuwala kudutsa pang'ono, pomwe yoyera mbuu ili ndi timipata ta mpweya mkati tomwe timamwaza kuwala, ndiye imaoneka yakuda nyale ikakhala kuseri kwake. Makina amodzi sangachite bwino zonse zitatu ndi nyale imodzi. Mwini chigayo ayambe wadziwa chilema chomwe chimamubwezetsa katundu kwa ogula, nyale zisankhidwe potsata chimenecho.

Chinthu chomwe anthu ambiri sachiganizira ndi chomwe chili kuseri kwa njere. Kamera ikayang'ana m'malere, pakati pa njere ndi njere imaona mbale ya kumbuyo. Pa makina ena mbaleyi imawalitsidwa mpaka ifanane ndendende ndi njere yabwino, mwakuti mpunga wabwino umazimirira m'chithunzi ndipo chotsala chooneka ndi chokhacho chosiyana nawo. Pa makina ojambula mitundu, mbale kapena lamba amakhala wabuluu, chifukwa zakudya zabuluu n'zosowa ndipo kompyuta siivutika kudziwa pomwe njere yathera. Mbaleyi ikada ndi fumbi, muyeso wonse wasokonekera.

Kumapeto kwa lamba nako kumafuna chidwi. Pakati pa lamba pamalandira kuwala kuchokera ku ma LED a kumanja ndi kumanzere, pomwe m'mphepete mumalandira mbali imodzi yokha, ndipo lenzi nayo imadetsa m'mbali mwa chithunzi. Nyale yofanana kutalika ndi lifupi la lamba imachititsa kuti njere za m'mphepete zizioneka zakuda n'kumatayidwa. Nyale itulukire mbali zonse ziwiri, ndipo chotsalacho chikonzedwe poonetsa kamera mbale yoyera yoyezera kuti idziwe kuwala komwe pikiselo iliyonse ikulandira.

Mtundu wa kuwala

Kuwala kumayezedwa ndi utali wa mafunde ake, mu nanomita, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Diso la munthu limaona kuyambira chapa 400 kufika chapa 700: buluu ali chapa 450 mpaka 470, kobiriwira chapa 525, kofiira chapa 630 mpaka 660. Lamulo lake ndi losavuta. Chinthu chimabweza kuwala kwa mtundu wake n'kumeza kwa mtundu wotsutsana nawo. Njere yachikasu ndi yachikasu chifukwa imameza buluu. Pansi pa nyale yofiira imawala mofanana ndi yoyera, simungazilekanitse. Pansi pa nyale yabuluu imada, ndipo mpata wa manambala uja umatseguka. Mtedza wa CG7, wa khungu lofiira, umawala pansi pa nyale yofiira ndipo banga lakuda limaonekera patali, pomwe pansi pa nyale yabuluu khungu lonse limada n'kubisa bangalo. Chalimbana khungu lake ndi lotuwirako, choncho muyeso wa CG7 sungamugwire bwino. Makina akasinthidwa mtundu wa mtedza ayenera kuyezedwanso.

Ufulu wosankha mitundu chonchi ndi waposachedwa. LED yofiira inapangidwa ndi Nick Holonyak mu 1962, koma yabuluu yowala bwino inadikira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kudzera mu ntchito ya Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Izi zisanachitike makina osankha ankadalira machubu a fluorescent ndi mababu a halogen, omwe ankatentha ndi kufooka msanga. LED yoyera yomwe tili nayo lero ndi yabuluu yomweyo yopakidwa ufa wachikasu wotchedwa phosphor. Diso limaiona yoyera, koma mkati mwake muli buluu wambiri chapa 450, mpata wochepa mphamvu chapa 480 mpaka 490, ndipo yotchipa imasowa kufiira kozama. Pa mtedza wofiira, komwe kusiyana kwa njere yabwino ndi yoyamba kuwonongeka kuli mu kufiirako, nyale yoyera wamba imapha kusiyana komwe mukufuna. Ma LED opangidwa nthawi zosiyana amasiyananso pang'ono mtundu ndi mphamvu, ngakhale nambala yawo ikhale imodzi. Chidutswa chimodzi cha nyale chikapsa n'kuikapo chogula kwina, chigawo chimodzi cha lamba chimayamba kuweruzidwa mosiyana ndi zinzake. Pogula makina, gulirani limodzi nyale zosungira.

Kupitirira 700 kuli infrared, yomwe diso siliona. Sensa ya kamera wamba ndi ya silicon, chinthu chomwecho chomwe chili m'mapanelo a sola a megawati 60 omwe anayamba kupereka magetsi ku Salima mu 2021, ndipo imamva kuwala mpaka chapa 1,000 kapena 1,100. Choncho nyale ya 850 kapena 940 imagwira ndi kamera yotchipa yomweyo, bola isakhale ndi galasi lotchinga infrared. Pamenepa mitundu yambiri ya pakhungu imafufutika, ndipo zinthu zimasiyana potengera chomwe zapangidwa nacho. Kupitirira 1,100 kumafunika sensa ya mtundu wina yotchedwa InGaAs, yomwe imamva kuyambira chapa 900 kufika 1,700 ndipo ndi yodula kwambiri. Madzi amameza kuwala mwamphamvu pa 1,450. Njere youma bwino imakhalabe ndi chinyezi, pomwe mwala woyera, kachidutswa ka galasi kapena pulasitiki alibe, ndiye zinthu zofanana mtundu pamaso zimasiyana poyera. Maganizo anga ndi akuti chigayo chaching'ono cha kwa Malengachanzi kapena ku Lifuwu chisathamangire kamera imeneyi. Makina ochotsa miyala potengera kulemera, oikidwa patsogolo pa osankha, amachotsa yambiri pa mtengo wotsika, ndipo kamera imatsala ndi ntchito yomwe imaidziwa, ya mitundu.

Pa chuku pafunika kulankhula mosamala, chifukwa apa pali moyo wa anthu. Poizoni wa aflatoxin anadziwika pambuyo pa 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Amapangidwa ndi chuku chotchedwa Aspergillus flavus ndi chinzake chotchedwa Aspergillus parasiticus, amawononga chiwindi, ndipo mayiko a European Union salola kupitirira magawo 4 pa biliyoni mu mtedza wodyedwa mwachindunji. Poizoniyu samwazikana mofanana m'thumba. Amaunjikana m'njere zochepa, makamaka zokwinyika, zoboola, zosweka ndi zosintha mtundu, n'chifukwa chake kusankha kumamuchepetsa kwambiri, makamaka mtedza ukayamba wachotsedwa khungu kuti mabanga a mkati aonekere. Pansi pa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV, kwa nanomita 365, aflatoxin amawala yekha, wa gulu B mwabuluu, wa gulu G mobiriwira, ndipo Bühler inatulutsa makina osankha chimanga ogwiritsa ntchito kuwala kotere mu 2018. Komabe kuwalako n'kofooka, kumafuna mdima wathunthu ndi fyuluta pa lenzi yotchinga UV mwiniwakeyo, ndipo pali zinthu zina zosavulaza zomwe zimawalanso. Makina wamba osankha mitundu sayeza poizoni, amachotsa njere zokayikitsa. Njere yooneka bwino ingakhale naye mkati. Katundu wopita kunja kapena wopangira chiponde cha ana ayezedwebe ku labotale, ndipo chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga chimabweretsa chuku chomwe nyale iliyonse singachimalize.

Zomwe nyanja ndi denga la malata zimachita

Makina ambiri amayesedwa m'mafakitale ozizira ndi otsekeka bwino. Kuno zinthu n'zosiyana. Dzuwa la masana limafika chapa 100,000 pa muyeso wa kuwala wotchedwa lux, pomwe ofesi yowala bwino ili pa 300 mpaka 500. Shedi yokhala ndi malata oonekera, kapena chitseko chachikulu choyang'ana kunyanja komwe dzuwa limatulukira, imalowetsa kuwala kosintha ola ndi ola, mtambo ndi mtambo. Makina oyezedwa 7 koloko m'mawa amakhala akuweruza mwina pofika 11 koloko. Choyamba ndi kutsekera malo oyang'anirapo m'bokosi lopakidwa utoto wakuda wosanyezimira mkati. Chachiwiri, ngati nyale ndi ya mtundu umodzi, ndi kuika pa lenzi fyuluta yolola mtundu wokhawo, mwachitsanzo kampata kozungulira 660, kuti kuwala kwambiri kwa dzuwa kutsalire kunja.

Kutentha ndi vuto lozembera. Anthu amati LED siitentha chifukwa kutsogolo kwake n'kozizira, koma pafupifupi theka la magetsi olowamo kapena kuposerapo limasanduka kutentha kuseri kwake. Ikatentha imachepa kuwala ndipo mtundu wake umasuntha pang'ono, ndipo zofiira zimavutika kwambiri kuposa zabuluu. Mu October ndi November, pansi pa malata a ku Salima kapena Nkhotakota, mpweya womwe ukuyenera kuziziritsa nyale umakhala wotentha kale. Zotsatira zake zimaoneka pa mulu wa zotaya: m'mawa uli bwino, masana wakula, chifukwa nyale yafooka ndipo njere zabwino zayamba kuoneka zakuda. Mankhwala ake ndi chitsulo chachikulu cha aluminiyamu chotayira kutentha, fani yosefedwa mpweya, kuyendetsa nyale pansi pa mphamvu yake yonse, ndi kuisiya iyake kwa mphindi 15 kapena 20 musanayeze makina. Makina abwino amadziyang'anira okha pa mbale yoyezera n'kumakonza kusinthako. Maola 50,000 omwe amalembedwa pa nyale zambiri satanthauza kuti idzakhala chimodzimodzi nthawi yonseyo. Kawirikawiri ndi nthawi yomwe kuwala kudzatsike kufika pa 70 peresenti, pa kutentha komwe anayesera iwo. Nyale yomwe mwagula ikhale ndi mphamvu yotsala yoti muzikweza ikamakalamba.

Fumbi la mankhusu ndi gaga limamata pa galasi lotchinga nyale ndi kamera, ndipo chinyezi cha kunyanja chimalisandutsa phala. Silimata mofanana paliponse, choncho malo ena a galasi amada msanga kuposa ena. Makina osankha amakhala ndi chopukutira chodutsa pa galasi pakapita mphindi zingapo, koma mphira wake ukatha chimangopaka. Mpweya wa kompuresa ukakhala ndi madzi kapena oilo, kupemerera kulikonse kumawaza galasi, ndiye chowumitsa mpweya ndi fyuluta yake ndi mbali ya kuona kwa makina. Kenako pali tizilombo ta nkhungu tomwe timatuluka m'nyanja ngati utsi n'kufika kumtunda. Timakokeka ndi kuwala, makamaka kwa buluu ndi UV. Bokosi la nyale lokhala ndi kampata limadzaza nato usiku umodzi, ndipo tikapsera pa galasi lotentha sitichoka ndi chopukutira. Nyale ikhale yotsekeka pa muyeso wa IP65, wosalola fumbi ndi madzi owazidwa kulowa, kapena kuposa, ndipo mabowo olowera mpweya akhale ndi sefa yothina.

Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, mphamvu yake imakwera ndi kutsika mota yaikulu ya chigayo ikamadzuka. Driver yabwino imasunga kuwala pamalo amodzi, yotchipa imakutsitsa kwa kanthawi, ndipo m'kanthawi komweko makilogalamu a mpunga wabwino apita ku zotaya. Nyale, kamera ndi kompyuta zikhale pa waya wawo, kuseri kwa chipangizo chosunga mphamvu ya magetsi pamalo amodzi, monga stabilizer kapena UPS. Ndipo achimwene ndi achemwali okonza makinawa, musasuzumire m'bokosi nyale za infrared kapena UV zikuyaka. Diso silitsinzina ku kuwala komwe silikuona, koma kumalivulaza. Chitseko cha bokosi chikhale ndi switchi yozimitsa nyale chikatsegulidwa.

Musanalipire, tengani katundu wanu weniweni, wa m'nyengo ino komanso wogonera, ndipo pemphani amayi odziwa ntchito amusankhe ndi manja m'magulu: wabwino, wachikasu, wakuda, woyera mbuu, miyala, mankhusu. Gulu lililonse lijambulidwe pansi pa nyale zomwe wogulitsa akupereka, pa liwiro lomwe lamba azidzayenda, ndipo muone manambala ndi maso anu. Nyale yoyenera ndi yomwe ikusiya mpata waukulu pakati pa njere yabwino yakuda kwambiri ndi njere yoipa yowala kwambiri. Kenako sakanizani njere zoipa zowerengedwa, tinene 100, mu kilogalamu ya zabwino, muzidutsitse pakati pa lamba ndi m'mphepete, n'kuwerenga zomwe zapulumuka ndi zabwino zomwe zatayidwa. Mayeso omwewa abwerezedwe makina atakhazikika mu shedi yanu, kamodzi m'mawa ndi kamodzi masana dzuwa lili paliwombo. Tsiku lomwe mulu wa zotaya wachuluka mpunga wabwino, wogwira makina ayambe wapukuta galasi, aone mbale ya kumbuyo, agwire chitsulo cha nyale kuti amve kutentha kwake, ayezenso ndi mbale yoyera, ndipo pokhapo akhudze batani lochepetsera ukali wa kusankha.